Madzi Olekeza M'mawondo

Bambo anga anamira m'madzi olekeza m'mawondo. Ndikanena choncho anthu amandiyang'ana ngati ndikukokomeza, chifukwa aliyense wa kwathu kuno, kumunsi kwa Bangula, akudziwa kuti mkulu ameneyu anakalambira m'bwato. Ntchito yawo inali yowolotsa anthu kupita kumadimba a kutsidya kwa Shire. Ankanyamula amayi ndi makasu awo, mbuzi zomangidwa miyendo, njinga, matumba a mbatata, ngakhale maliro. Madzi akasefukira n'kulowa m'mudzi, anthu okhala pamadenga ndi m'mitengo ankaitana iwowo. Ankakonda kudzitama kuti mtsinjewu ukudziwa fungo lawo, ndipo palibe ankawatsutsa.

Ine ndinabwerera pakhomo pawo banja langa litatha, mayi atamwalira kale. Ndinkagulitsa nsomba zouma za makakana pamsika wa Bangula, n'kumaphikira bambo. Achimwene anga, oyamba kubadwa, anali kapitawo kuminda ya nzimbe, komanso mkulu wa mpingo. Ankabwera kumudzi Loweruka atavala nsapato zopukuta bwino, n'kutiuza mmene tizikhalira sabata yonse imene iwo kulibe.

Bambo anayamba ndi matenda othamanga magazi. Kenako sitiroko inawagwetsa, ndipo ngakhale anadzuka n'kuyambanso kuyenda, dzanja lamanzere linatsala lolemera. Bwato anapatsa mwana wa mlongo wawo. Tinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma tsiku lina masana, atakhala pansi pa mtengo wa nimu akusoka ukonde wa munthu wina, ndinamva akufuula mawu amene sindinawamvepo. Ndinawapeza pansi, thupi lonse likugwedezeka, maso atatembenuka, thovu likutuluka pakamwa. Zitatha anagona tulo tofa nato, ndipo podzuka anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani kabudula wawo wanyowa.

Kuchipatala tinapita atatu, ine, bambo ndi achimwene. Amene anatiwona anali mayi wachitsikana wolankhula mosazungulira. Anati amenewa ndi matenda a khunyu, ndipo amatha kuyamba munthu atakalamba kale, makamaka sitiroko ikasiya chipsera mu ubongo. Anati sapatsirana, ngakhale utagwira thovu ndi manja. Anatipatsa mapilitsi, kenako anayang'ana ine ndi achimwene n'kunena pang'onopang'ono kuti: "Zinthu ziwiri muzisamala nazo, moto ndi madzi. Asakhale okha pamoto, asasambe okha kumtsinje. Munthu akagwa m'madzi zitamugwira, sadziwa kuti ali m'madzi. Ngakhale m'beseni amatha kumira."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Dokotala, inu mwabadwira kumtunda eti? Ine madzi ndi kwathu."

Pobwerera achimwene anaimitsa njinga pamthunzi, bambo atatsogola pa kabaza. Anandiuza kuti dzina la matendawa lithere pomwepo. Mwana wawo wamkazi anali atapeza banja, akuchimuna anali atayamba kale kubwera kudzakambirana, ndipo kwathu palibe amene amafuna kukwatira kumtundu kumene kuli matenda akugwa. "Aliyense akafunsa, ndi bipi," anatero. "Wamva, iwe? Pakamwa pakopo ndimapadziwa." Ndinawayankha kuti dokotala wanena kuti sizipatsirana. Anati dokotalayo sadzakwatira mwana wawo.

Za moto aliyense anazimvetsa. Kuno amati wakhunyu akangopsa ndi moto sachiranso, choncho achimwene anazigwira mwamphamvu ngati lamulo la m'Baibulo. Anasamutsa mafuwa kupita kuseri kwa khola. Analanda bambo machesi, moti munthu wosuta chingambwe kuyambira unyamata wake ankadikira ine kuti ndimuyatsire. M'miyezi yozizira, amuna anzawo akuwotha moto, iwo ankakhala patali atafunda bulangete ngati mlendo wosaitanidwa. Koma ndikatchula za madzi, achimwene ankangopukusa mutu n'kumwetulira. "Ababa? Kumira? Chemwali, ukafuna kudandaula peza china." Dokotala ananena zinthu ziwiri. Banja lathu linasankhapo chimodzi, chimene linkachikhulupirira kale.

Ndiye nkhondo ya madzi inatsalira ine ndekha, ndipo ndinaimenya ndi ndowa. Ndinakonza bafa la kuseri kwa nyumba, kulimangira bango latsopano, kuikamo mwala woti azikhalapo. Madzi a pamjigo anawakana tsiku loyamba lomwe. Sindingawanene, mijigo ya kwathu ndi yamchere, sopo sachita thovu, ndipo ukasamba thupi limatuwa ngati wagona paphulusa. Ndinayamba kukatunga a kumtsinje, kusenza pamutu dzuwa lija la kuno likuswa mtengo. Ndinatula ndowa m'bafamo n'kukagwada kuwauza kuti madzi ndaika.

Bambo anandiyang'ana n'kunena kuti: "Mwananga, wosambitsidwa kuseri kwa nyumba ndi khanda, mayi wochira kumene, ndi mtembo. Ine ndine uti pamenepo?"

Ndinawauza kuti ndinu bambo anga odwala. Anakana kuti nkhabe, anatenga chikwama chawo cha sopo ndi kamwala kotsukira mapazi, n'kulowera njira ya kudooko.

Amene sanakulire m'mbali mwa mtsinje sangamvetse chimene dooko lili kwa mwamuna. Kwathu kuli dooko la amayi, kumene timachapa ndi kutsuka mbale, ndipo kumtunda kwake, kuseri kwa bango, kuli la amuna. Mkazi safikako. Njira ikakudutsitsa pafupi umayamba kufuulira patali kuti ukudutsa, iwo n'kukhala pansi m'madzi mpaka utapita. Amuna anasankha malo osaya, amchenga, otchingidwa ndi mitengo yozika chifukwa cha ng'ona. Kumeneko n'kumene amamva zonse, mtengo wa thonje, amene wagulitsa ng'ombe, mkazi wa yani wathawa. Bambo anali atalandidwa bwato, machesi, ndi malo awo pamoto. Dooko ndilo linatsala. Ndinkazimvetsa zimenezi, ndipo kumvetsako sikunandichotsere mantha ngakhale pang'ono.

Ndinayesa zonse. Ndinabisa sopo, iwo anapita opanda sopo. Ndinalira, anandiuza kuti ndisawalire akadali moyo. Ndinapempha achimwene kuti awalankhule mwamuna ndi mwamuna, iwo anati sangaletse bambo awo kusamba ngati kuti ndi mwana wa sukulu. Mapilitsi ankamwa ndikawaimirira, ndipo ankathandiza ndithu, koma panali nthawi zina tikapita kuchipatala tinkauzidwa kuti atha, tibwerenso. Masiku oterowo ndinkangoyendayenda pakhomo ngati nkhuku yofuna poikira.

Mapeto ake ndinayamba kuwatsatira. Ankatsogola ndi ndodo yawo, ine pambuyo patali, mpaka pamtengo wa masawu pamene bango limayambira. Pamenepo ndiye panali malire anga. Ndinkakhala pamuzu n'kumamvetsera. Kuwona sindinkawona kanthu, koma mawu a bambo anali aakulu, ozolowera kuitana anthu a kutsidya, ndipo ndikawamva akuseka mtima unkakhala pansi. Amayi odutsa ankandinena kuti wobwerera kubanja uyu akusaka mwamuna pakhomo pa dooko. Ndinkawayankha kuti amuna a m'mudzi uno ndinawawona atavala ndipo zinandikwana.

Panali mkulu mmodzi amene bambo ankamutcha shamwali, kutanthauza bwenzi la pamtima. Anapalasa limodzi kuyambira ali anyamata, ndipo kudooko ankapita nthawi imodzi. Ndinapita kwawo, ndinagwada pakhonde, n'kuwapempha kuti asamawasiye okha m'madzi. Anafunsa kuti vuto n'chiyani. Ndinati amachita chizungulire n'kugwa. "Akagwa, baba, muwagwire. Muwadzutse mutu m'madzi, basi. Zina zonse zimatha zokha." Anaseka n'kudziguguda pachifuwa. "Pyadidi, palibe vuto, mwananga. Ine ndi ameneyo tinatulutsana m'kamwa mwa mvuu. Usadandaule." Ndinathokoza kuti takhuta, ndipo ndinabwerera kunyumba nditapepukidwa. Ndinkakhulupirira mawu a munthu wamkulu.

Linali tsiku la mwezi wotentha uja mvula isanayambe, pamene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Dzuwa litapendeka bambo anatenga chikwama chawo, ine n'kutsatira mpaka pamasawu paja. Ndinamva madzi akukhavuka, ndinamva bambo akumunena shamwali wawo kuti mimba yake yakula ngati ya mlamba. Amuna anaseka. Kenako ndinamva kufuula kuja, komweko kwa pansi pa nimu, ndipo kuseka kunaduka.

Ndinaimirira. Ndinkadikira kumva munthu akukokedwa, mawu oti gwira uku, nyamula uko. M'malo mwake ndinamva mapazi akuthawa m'madzi, ndi mawu a shamwali uja akukuwa kuti: "Musam'khudze! N'khunyu iyi! Thovu, thovu!"

Sindinafuule kuti ndikudutsa. Ndinangolowa m'bangomo.

Chimene ndinawona ndidzafa nacho. Amuna akuluakulu anali ataima pamchenga, ena akuphimba kumaso kwawo ndi manja, wina akulimbana ndi kabudula. Bambo anali chafufumimba m'madzi, msana uli pamtunda, miyendo ikumenyabe pang'ono. Ndipo shamwali wawo, ataima pouma, anali atatenga nkhafi yopalasira bwato n'kumaitambasulira kwa iwo, akuwagogoda nayo paphewa. "Gwira, shamwali! Gwira nkhafi!" Ankauza munthu amene sankadziwa n'komwe kuti ali padziko.

Ndinalowa m'madzimo ndi chitenje changa. Anandilekeza m'mawondo. Ine ndine wamfupi, aliyense amadziwa, ndipo anandilekeza m'mawondo. Ndinawagwira kukhwapa n'kuwatembenuza. Anali olemera kuposa mmene ndinkaganizira, oterera ndi sopo, ndipo ndinagwa nawo kawiri ndisanafike pamchenga. Ndinakuwa kuti ndithandizeni. Mmodzi anasuntha phazi, mnzake n'kumugwira mkono. Ndinawagoneka cham'mbali, ndinawachotsa mchenga ndi thovu m'kamwa ndi zala zanga, ndinawakanikiza pachifuwa mmene ndinawonera anthu akuchitira, ndinawapumira m'kamwa. Madzi anatuluka, koma mpweya sunabwerere. Pamene ndinkachita zonsezi ndinamva wina kumbuyo kwanga akunena chapansipansi kuti mkazi uyu walowa bwanji kuno.

Atatsimikiza kuti apita, amuna aja anasendera. Thupi litazizira ndi thovu litatsukidwa ndi mtsinje, mantha awo anatha. Anawafunditsa nsalu, anawanyamula bwinobwino anthu anayi, mwaulemu wonse, mpaka kunyumba. Manja anali nawo ndithu.

Anawasambitsira m'bafa langa lija, kuseri kwa nyumba, pamwala umene ndinaika. Madzi anatungira m'ndowa yanga yomwe ija.

Pamaliro achimwene analankhula bwino kwambiri, paja kulankhula ndiye mphatso yawo. Anati bambo athu anadwala bipi nthawi yaitali, ndipo Mulungu anawaitana ali pamtsinje umene ankaukonda. Anathokoza amuna a m'mudzi chifukwa choyesetsa kuwapulumutsa. Mawu akuti kuyesetsa anawabwereza. Amene anali padooko anawerama, osati chifukwa cha manyazi, koma chifukwa ankadziwa kuti mwini maliro wawapatsa nkhani yoti azinena, ndipo inawakomera onse. Achimwene sankafuna dzina la matenda limveke, amunawo sankafuna za nkhafi zimveke. Anagwirizana osakambirana n'komwe. Ine ndinali m'nyumba ndi amayi, ndikuluma chitenje kuti ndisatukwane pamaso pa bokosi la bambo anga.

Titangometa, akuluakulu a banja anandiitana. Ndinkaganiza kuti akufuna kumva mmene zinakhalira. Ayi ndithu. Nkhani inali yoti ndinalowa padooko la amuna osafuula, ndinawona amuna a eni ali maliseche, ena mwa iwo oyenera kuwatcha apongozi, ndipo ndinawona ndi kugwira thupi la bambo wondibereka. Anati ndipepese ndi nkhuku. Ndinafunsa kuti nanga amene anaonerera munthu akumira apepesa ndi chiyani. Achimwene anandidzudzula kuti ndikulankhula ndi akuluakulu. Nkhukuyo inaperekedwa, anagula ndi achimwene omwewo, ndipo ndikumva kuti inadyedwa ndi mpunga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo kwathu makoswe onse anali pamkhate.

Chinsinsi chija sichinabisike n'komwe. Mwamuna aliyense anakauza mkazi wake usiku womwewo, ndipo amayi anaziwerengera okha kuti ine ndinagwira thovu, ndinalipumira n'kulipumira. Pachitsime anayamba kusuntha ndowa zawo ikafika yanga. Pamaliro ena ndinapatsidwa mbale yangayanga, kapu yangayanga. Pamsika makasitomala ena a m'mudzi ankadutsa makakana anga n'kukagula kwa mnzanga wa pambali. Ankadikira tsiku loti ndigwe. Mwana wa achimwene anakwatiwabe, chifukwa akuchimuna anali a kutali ndipo anamva mochedwa. Ndinapita kuukwatiwo, ndinaphika, ndinavina pang'ono. Mtsikanayo ndilibe naye mlandu. Koma achimwene atabwera kudzandigwira dzanja n'kunena kuti waona chemwali, zonse zayenda bwino, ndinachotsa dzanja langa.

Ndimakwiya, ndipo sindibisa. Ndimakwiyira achimwene amene anasamala machesi n'kusiya mtsinje. Ndimakwiyira mudzi umene umadziwa dzina la nsomba iliyonse ndi khalidwe la ng'ona iliyonse, koma sudziwa kuti nkhalamba yodwala imamira pamene mwana amasewera. Kuno munthu wamkulu akafera m'madzi timati madzi amutenga, ngati kuti madziwo anachita kubwera kudzamugwira. Sitifunsa kuti ankadwala chiyani, shuga kapena mtima kapena chizungulire, ndiponso kuti pamene ankagwa anzake anali ataima pati. Bambo nawonso ndimawakwiyira masiku ena, chifukwa cha kuseka kwawo kuja pamaso pa dokotala. Kenako ndimakumbukira atakhala patali ndi moto, bulangete kumutu, ndipo mkwiyowo umasowa pogwira.

Shamwali uja anakhala nthawi osandiyang'ana kumaso. Tikakumana panjira ankapatukira m'munda. Koma tsiku lina m'mawa, mvula itagwa ndi kutha, anabwera okha kunyumba. Anakhala pansi pa nimu, pampando umene unali wa bambo. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, chifukwa ndinaleredwa choncho. Anali ataonda. Mumtima ndinati mwina lero ndimva mawu amene ndakhala ndikuwadikira, ndipo ndinali wokonzeka kuwalandira. Ndinali nditatopa ndi kudana ndi nkhalamba.

Anasisita mawondo awo nthawi yaitali. Kenako anati: "Mwananga, ine tulo sindigona. Koma iwenso unatilakwira. Unati chizungulire. Ukanandiuza kuti ndi matenda aja."

Ndinafunsa kuti ndikanakuuzani mukanawagwira?

"Nkhabe," anatero, osachita manyazi, ngati akundiuza mtengo wa mchere. "Amenewo sagwiridwa. Koma tikanadziwa, sitikanalola kuti azisamba nafe madzi amodzi. Tikanamuletsa kufika padooko."

Ndinayang'ana kuseri kwa nyumba, kumene bango la bafa lija linali litayamba kugwa. Akanawaletsa. Akanawasala ngati wakhate, bambo akanabwera kunyumba atasweka mtima, akanatukwana mudzi wonse, ndipo mawa lake akanakhala pamwala uja n'kusamba madzi a m'ndowa yanga. Chimene achimwene ankachiopa kwambiri, chimene anatitsekera pakamwa kuti chisachitike, n'chimene chikanawasunga ndi moyo. Nkhanza za anthu amenewa zikanawapulumutsa. Ubwenzi wawo ndi umene unawatambasulira nkhafi.

Mkuluyo anapempha madzi akumwa. Ndinalowa m'nyumba, ndinatunga mumtsuko ndi kapu imene ndimamwera ine, ndinagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anayang'ana kapuyo, anayang'ana manja anga, n'kunena kuti ludzu lawathera.